Mafunso ndi Mayankho: Kupereka ndi Kulandira Ndemanga pa Ndakatulo Yosankha Chikondi ndi Chimwemwe

Pali mtundu wa ndakatulo womwe pafupifupi mlakatuli aliyense amaulembapo kamodzi pa moyo wake. Wolankhula m'ndakatulomo wapwetekedwa, kaya ndi imfa, kaya ndi kusiyidwa, kaya ndi chipongwe, ndiye akulengeza kuti sabwezera, sasunga mangawa, wasankha chikondi ndi chimwemwe. Owerenga amazikonda ndakatulo zotere, koma mukawapempha kuti anenepo maganizo awo, ambiri amasowa poyambira. Ena amaopa kukhumudwitsa wolemba, ena uthengawo umawapsetsa mtima, ena amangoti "yokoma" n'kupitirira. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe amabwera kawirikawiri kuchokera kwa owerenga ndi kwa alakatuli omwe. Mizere yomwe yaikidwa ngati zitsanzo yangopekedwa pofuna kufotokozera.

Kodi chimwemwe munthu amachita kusankha? Ineyo ndimaona ngati ndakatulo zoterezi zimanama.

Amene amafunsa funsoli nthawi zambiri ndi anthu oti anavutikapo zenizeni, ndipo mbali ina akunena zoona. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kuulamula mtima wake kuti "sangalala", mtimawo n'kumvera. Chisoni chimabwera chosaitanidwa ndipo sichichoka chifukwa choti mwachiuza. Palinso matenda ovutika maganizo, omwe bungwe la zaumoyo la World Health Organization linanena mu 2023 kuti agwira anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse. Munthu wodwala matendawa mukamuuza kuti angosankha chimwemwe mwamusenzetsa katundu wachiwiri, chifukwa tsopano ayamba kudziimba mlandu kuti akulephera chinthu chomwe anzake akuchita mosavuta. Ameneyo akufunika dokotala kapena mlangizi, osati ndime zinayi zachilimbikitso.

Komabe ganizo loti munthu amatsala ndi kanthu kena kosankha ngakhale zinthu zitaipa bwanji silinayambe ndi alakatuli a lero, ndipo amene analiphunzitsa mwamphamvu sanali anthu okhala pabwino. Epictetus anabadwa kapolo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anakulira ku Rome, ndipo atamasulidwa ankaphunzitsa kuti munthu azisiyanitsa zomwe zili m'manja mwake ndi zomwe sizili m'manja mwake. Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, anakhala m'misasa yachibalo ya chipani cha Nazi kuyambira 1942 mpaka 1945, ndipo makolo ake, m'bale wake ndi mkazi wake anafera m'misasa yomweyo. Atatuluka, mu 1946, analemba kuti munthu angalandidwe chilichonse koma amatsalabe ndi mpata wosankha mmene ayankhire zomwe zamugwera. Onse awiriwa sanati munthu amasankha zomva mumtima. Anati amasankha chochita nazo.

Ndiye mukamawerenga, funsani kuti wolankhulayu wasankha chiyani kwenikweni. Ngati ndakatulo ikuti munthu wangolankhula mawu amodzi ndiye mdima wonse wabalalika, muli ndi ufulu wouza wolemba kuti simunakhulupirire. Ngati ikusonyeza munthu yemwe mtima ukumuwawabe koma wasankha kuyankha moni wa amene anamulakwira, imeneyo sikunama ayi.

Ndinawerenga ndakatulo ya mnzanga n'kumuuza kuti "yandikhudza kwambiri". Kodi imeneyi si ndemanga?

Ndi ndemanga, ndipo ngati inakukhudzanidi simunalakwe. Vuto lake n'lakuti wolemba sangachite nayo kalikonse. Sakudziwa kuti chakukhudzani ndi ndakatulo yake kapena ndi mutu wake wokha, ndipo mwina inunso simukudziwa.

Nkhaniyi inayesedwapo. M'zaka za m'ma 1920, I. A. Richards, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Cambridge, ankapatsa ophunzira ake ndakatulo zopanda mitu komanso zopanda maina a olemba, n'kuwauza kuti akalembe maganizo awo momasuka. Zomwe anapeza anazisindikiza mu 1929. Ophunzira anzeru ndithu ananyoza ndakatulo zina za alakatuli otchuka n'kutamanda zina zofooka. Mwa zifukwa zomwe Richards anatchula, chimodzi chikukhudza kwambiri nkhani yathuyi: munthu amakhala ndi mayankho osungiratu mumtima. Akangoona mawu oti "mayi", "chikondi", "kukhululuka", misozi imayamba yokha ndakatuloyo isanagwire ntchito iliyonse. Chomwe chamuliza ndi moyo wake, osati mizere yomwe ili papepala.

Ndakatulo ya chikondi ndi chimwemwe ili ndi mawu otere pafupifupi mu mzere uliwonse. N'chifukwa chake imayamikiridwa msanga, ndipo n'chifukwa chakenso wolemba wake amatha zaka asakudziwa ngati amalembadi bwino.

Nanga ndemanga yothandiza imakhala yotani?

Imaloza malo. Imanena zomwe zinakuchitikirani inuyo powerenga, ndi mzere womwe zinachitikirapo. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ndime iyi:

Lero ndasankha chikondi,
lero ndasankha chimwemwe,
chidani, choka pa moyo wanga.
Ndatsegula zenera la kuchipinda kwako,
lomwe ndinalitseka tsiku lomwe unachoka.

Wowerenga wina angati, "Ndakatulo yabwino, pitirizani." Wina angati, "Mizere itatu yoyambayo ndinaiwerenga mothamanga, ngati ndinaimvapo kale kwinakwake. Nditafika pa zenera ndinaima. Ndinayamba kudzifunsa kuti lakhala lotseka nthawi yaitali bwanji, komanso ngati munthuyo anamwalira kapena anangosamuka. Pamenepo m'pomwe ndinakhulupirira kuti wolankhulayu wasankhadi kanthu." Wachiwiriyu sanagwiritse ntchito mawu aukatswiri ngakhale amodzi, sanauze wolemba chochita, koma wamupatsa zonse zofunika. Wolemba wanzeru aona yekha kuti ndakatulo yake ikuyambira pa mzere wachinayi.

Musananene kanthu, werengani kawiri, ulendo wachiwiriwo mokweza. Kenako onani mzere womwe watsala m'mutu mwanu pepala mutaliika pansi, malo omwe maganizo anu anathawira kwina, ndi pomwe munasokonezeka osadziwa kuti akulankhula ndani kapena akuuza ndani. Zinthu zitatuzi n'zokwanira. Ndemanga ya masamba awiri yokhudza kamphindi kalikonse ndi chilembo chilichonse imangomufoola munthu.

Ndakatuloyo ndaiona kuti ndi yofooka, koma wolembayo wailemba ali pachisoni chenicheni. Ndimuuze?

Choyamba mufunseni chomwe akufuna. Pali munthu amene akukuonetsani ndakatulo ngati mmene angakuonetsereni bala, ndipo chomwe akupempha n'chakuti mumve ululu wake. Ameneyo muuzeni kuti mwamva, mutchule mzere womwe wakufikani pamtima, zokonzakonza zidikire. Pali wina amene akufuna kuitumiza kwa mkonzi kapena kuilakatula pagulu. Ameneyo mukamubisira mwamulakwira, chifukwa akamva zomwezo kwa anthu osamudziwa omwe sadzasamala n'komwe za mtima wake. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Njira imodzi yomwe magulu ambiri a zaluso amagwiritsa ntchito inakonzedwa mu 1990 ndi Liz Lerman, katswiri wa magule wa ku America. Oonera amayamba ndi kunena zomwe zawagwira m'ntchitoyo. Kenako mwiniwake ndiye amafunsa mafunso ake. Pambuyo pake oonera amafunsa mafunso omwe mulibe chiweruzo chobisika. Maganizo awo amabwera pomaliza, ndipo amayamba apempha chilolezo: ndili ndi ganizo pa ndime yomaliza, mukufuna kulimva? Mwiniwake akhoza kukana. Gawo lovuta ndi lachitatulo. "Bwanji mwamaliza mofulumira chonchi?" si funso, ndi chidzudzulo chovala chipewa cha funso. "Munaganiza zotani posankha pothera ndakatuloyi?" ndiye funso, ndipo nthawi zambiri wolemba poyankha amatulukira yekha kuti anathawa ndime yomwe inali yowawa kuilemba.

N'chifukwa chiyani ndakatulo zachisoni zimamveka zamphamvu kuposa zachimwemwe?

Chifukwa munthu akamalemba za chisoni amakumbukira zinthu, koma akamalemba za chimwemwe amakumbukira mawu. Funsani munthu za tsiku lomwe anataya wokondedwa wake, akuuzani nthawi yomwe foni inalira, malaya omwe anavala, fungo la m'chipinda cha kuchipatala. Mufunseni za chimwemwe, akuuzani za kuwala, maluwa, mbalame zoimba ndi dzuwa lotuluka, zomwe alakatuli zikwizikwi anazigwiritsa kale ntchito mpaka zinatha mphamvu. Chimwemwe si chofooka. Timangochilemba mwaulesi.

Mlakatuli T. S. Eliot analemba mu 1919 kuti njira yoonetsera zomva mumtima m'zolemba ndi kupeza zinthu, malo kapena zochitika zomwe zikangotchulidwa, wowerenga amve yekha chomwe wolemba amafuna kuti amve. Kunena kuti "ndine wosangalala" n'kupereka lipoti. Kunena kuti "ndadzipeza ndikuimba posamba, koyamba chichokereni iwe" n'kumulowetsa wowerenga m'nyumbamo.

Pa ndakatulo yosankha pali vuto linanso lapadera. Kusankha kumafuna zinthu ziwiri. Ngati ndakatulo yonse ndi chikondi ndi chimwemwe basi, chomwe chakanidwacho osaoneka, ndiye palibe chomwe chasankhidwa. Wowerenga ayenera kumva kukoma kwa chidanicho, pakuti chidani chimakoma ndithu, chimamupatsa munthu mphamvu ndi chifukwa chodzukira m'mawa. Ayenera kuona uthenga waukali womwe unalembedwa kale pafoni, chala chili pamwamba pa batani, kenako n'kufufutidwa. Mukapatsidwa ndakatulo yamtunduwu, fufuzani mtengo womwe wolankhula walipira. Mukausowa, muuzeni wolemba. Mwa ndemanga zonse zomwe mungapereke pa ndakatulo yotere, imeneyi ndi yomwe ine ndimaiona kuti imasintha zambiri.

Kodi "ine" wa m'ndakatulo ndi wolembayo?

Osati nthawi zonse. Mlakatuli akhoza kulankhula ngati mayi wamasiye iye ali mnyamata wosakwatira. Popereka ndemanga nenani kuti "wolankhulayu", osati "inuyo", ndipo musafunse kuti "ndani anakuchitani zimenezi?" Akafuna kukuuzani akuuzani yekha.

Ndinamva zosiyana ndi zomwe wolemba akuti ankatanthauza. Akulondola ndani?

Zimachitika kawirikawiri. Wolemba akuti ndakatulo yake ndi yachigonjetso, wowerenga akuti wamvamo munthu wotopa yemwe akudzikakamiza kumwetulira. Mu 1946 akatswiri awiri a ku America, W. K. Wimsatt ndi Monroe Beardsley, anatsutsa ganizo loti cholinga cha wolemba ndicho muyeso woweruzira ndakatulo. Mfundo yawo inali yakuti ndakatulo ikatuluka m'manja mwa mwini wake imayenda yokha, ndipo umboni wa tanthauzo lake uli m'mawu ake. Zaka zingapo m'mbuyomo, mu 1938, Louise Rosenblatt anali atanena kale kuti wowerenga aliyense amabwera ndi moyo wake powerenga, ndipo tanthauzo limabadwa pomwe awiriwa akumana.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse chomwe mungamve n'cholondola. Mukati wolankhulayo ndi wotopa, sonyezani pomwe mwazionera: mwina mawu oti "ndiyesa" abwera katatu, mwina mizere ikufupikirafupikira ngati munthu wopuma movutikira. Mukatha kuloza, kumva kwanu kuli ndi maziko, ndipo wolemba ayenera kumvetsera ngakhale sanafune zimenezo. Nthawi zina dzanja limalemba zoona zomwe mutu sunavomere. Mukalephera kuloza, mwina mwawerenga nkhani yanu m'ndakatulo ya mnzanu.

Kwa wolemba: mukayamba kufotokoza kuti "apa ndimatanthauza kuti...", dziwani kuti wowerenga wa mawa sadzakhala nanu pafupi kuti mumufotokozere. N'chifukwa chake m'magulu ambiri ophunzitsa kulemba mwini ntchito amakhala chete anzake akamakambirana, kenako n'kulankhula pomaliza.

Wolemba wabwereza mawu oti "ndasankha" m'ndime iliyonse. Ndimuuze kuti achepetse?

Musafulumire. Kubwereza ndi chida chakale kwambiri cha ndakatulo, makamaka zolakatula pakamwa, chifukwa kumathandiza omvera kutsatira ndi kukumbukira. Ndakatulo yomwe papepala ikuoneka yotopetsa ikhoza kugwedeza anthu ikalakatulidwa. Funsani kaye ngati yalembedwera maso kapena makutu.

Kenako onani ngati kubwerezako kukuyenda kapena kwaima. Ngati ulendo woyamba wolankhula akunena motsimikiza, wachiwiri mokayika, wachitatu atagwa n'kudzukanso, mawu omwewo akulemera nthawi iliyonse. Apo kubwerezako kukunena zoona zomwe ndakatulo zambiri zimaiwala, zoti kusankha kotere sikuchitika kamodzi, munthu amasankha lero n'kusankhanso mawa. Koma ngati mungasinthanitse ndime yachiwiri ndi yachinayi popanda chosokonekera, kubwerezako kwangodzaza malo. Yesani kusinthanitsako, muuze wolemba zomwe mwapeza.

Ndakatulo ina ikulimbikitsa kukondabe munthu amene akukuzunza. Ndinganene za uthenga wake, kapena ndingoyang'ana luso lokha?

Nenani. Pali anthu amene amati wopereka ndemanga asakhudze uthenga, koma apa sindigwirizana nawo. Ndakatulo yosankha chikondi ikhoza, mwini wake asakudziwa, kukhala chingwe chomangira munthu pamalo pomwe akumenyedwa. Mizere ngati "ngakhale undipweteke kangati, ndidzakhala pano" imamveka yokoma kwa wowerenga wina, koma kwa wina ndi mawu omwe wakhala akudziuza kwa zaka zambiri kwinaku akubisa mabala.

Kukhululuka ndi kubwerera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu akhoza kusiya chidani ali kutali, chitseko atakhoma. Akhoza kusankha chikondi pochoka, chifukwa iyenso ndi munthu woyenera kukondedwa, ndi ana ake omwe. Muuzeni wolemba mmene mwamvera, mosamuweruza: "Ndime yachitatu ndaimva ngati ikuti kupirira nkhanza ndi chikondi. Kodi ndi zomwe mumafuna?" Mwina akuuzani kuti walemba dala kuti aonetse mmene munthu wozunzidwa amadzinamizira, ndipo apo funso likhala lakuti kodi ndakatuloyo yaonetsa mokwanira kuti ikudziwa zomwe ikuchita. Mwinanso adzidzimuka. Ndipo mukaona kuti nkhaniyo si yopeka, ikani ndakatulo pambali mufunse munthuyo ngati ali pabwino.

Ndingamulembere mzere wabwino m'malo mwa wake wofookawo?

Pokhapokha atakupemphani. Mukatero osapemphedwa, ndakatuloyo imayamba kusanduka yanu, ndipo iye saphunzirapo kanthu. Muonetseni pomwe pakutsimphina, mankhwala apeze yekha.

Ndine wolemba. Wina akuti ndichotse ndime yomaliza, wina akuti ndime yomweyo ndiyo yabwino kuposa zonse. Nditsate ndani?

Anthu awiri akatsutsana pa malo amodzi, dziwani kuti pamenepo pali moyo. Malo oopsa ndi omwe palibe aliyense wawatchula. Owerenga amalondola kwambiri poloza pomwe pali vuto, koma amaphonya kawirikawiri ponena mmene mungakonzere. Choncho ngati anthu atatu osadziwana apunthwa pa mzere umodzi, mzerewo uli ndi vuto, ngakhale aliyense wapereka chifukwa chake chosiyana.

Mbiri ili ndi zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Ndakatulo yaitali yomwe inatchukitsa T. S. Eliot mu 1922 inadutsa kaye m'manja mwa mnzake Ezra Pound, yemwe anadula zigawo zikuluzikulu mopanda chisoni. Eliot anavomera zambiri mwa izo, ndipo pambuyo pake anaika mawu olemekeza Pound koyambirira kwa ndakatuloyo pomuthokoza. Mbali inayi kuli Emily Dickinson, mlakatuli wa ku America. Mu April 1862 analembera kalata Thomas Wentworth Higginson, mlembi wodziwika panthawiyo, n'kuikamo ndakatulo zinayi, kufunsa ngati zili ndi moyo. Higginson anachita nazo chidwi koma anaziona kuti n'zosalongosoka, ndipo anamulangiza kuti asafulumire kusindikiza. Dickinson anapitiriza kulemberana naye kwa zaka zambiri, koma kalembedwe kake sanasinthe. Anamwalira mu 1886 atalemba ndakatulo pafupifupi 1,800, zosindikizidwa ali moyo zili zochepa kwambiri. Akonzi omwe anazitulutsa mu 1890 anazisalaza, kusintha zizindikiro zake zam'kalembedwe, kusintha mawu ena ndi kuikamo mitu yomwe iye sanaike. Panadutsa zaka mpaka 1955 kuti zisindikizidwe pafupi ndi mmene iye anazilembera, ndipo zomwe akonzi aja ankaziona ngati zolakwika n'zomwe lero anthu amamukondera.

Kusiyana kwake kuli apa: Pound ankamvetsa ndakatulo yomwe Eliot ankafuna kulemba ndipo anamuthandiza kuifikira. Akonzi a Dickinson ankafuna kuti alembe ngati anthu ena onse. Mukalandira ndemanga, dzifunseni kuti munthuyu akukankhira ndakatulo yanu komwe inkapita kale, kapena akuikokera kwawo. Ndipo musakonze tsiku lomwelo. Lembani zonse zomwe mwauzidwa, zigone masiku angapo. Zina mudzapeza kuti zasungunuka zokha, zina zikukubayanibe. Zobayazo n'zomwe muyenera kugwirapo ntchito.

Wina wangonyoza, akuti ndakatulo yanga ndi yachibwana. Ndimuyankhe?

Mufunseni funso limodzi: ndi mzere uti? Akaloza, mwapeza ndemanga, ngakhale yabwera ndi minga. Akalephera, musiyeni. Ndipo poti ndakatulo yanu ikunena zosankha chikondi, dziwani kuti anthu akuyang'ana mmene muyankhire.

Aliyense akuiyamikira ndakatulo yanga. Ndiye kuti yapsa?

Onani kaye kuti akuyamikirawo ndani. Achibale ndi anzanu amakukondani inuyo, ndipo akudziwa nkhani yomwe inabala ndakatuloyo, choncho amadzaza okha mipata yomwe mwasiya. Mukalemba kuti "tsiku lija", iwo akulidziwa tsikulo ndipo alira. Mlendo sakulidziwa. Ipatseni munthu amene sadziwa mbiri yanu, makamaka amene amawerenga ndakatulo zambiri, mumufunse kuti akuuzeni m'mawu ake zomwe zikuchitika m'ndakatulomo. Musamufunse ngati waikonda, chifukwa ulemu umukakamiza kuvomera. Akakufotokozerani nkhani yosiyana kotheratu ndi yanu, mwadziwa kuti theka la ndakatuloyo likadali m'mutu mwanu.

Kodi kulemba ndakatulo yotere kumachiritsadi?

Kumathandiza anthu ambiri, koma tisakokomeze. Mu 1986 James Pennebaker ndi Sandra Beall anafalitsa kafukufuku yemwe anapempha ophunzira a pa yunivesite kuti alembe kwa mphindi 15 tsiku lililonse, masiku anayi otsatizana. Ena analemba za zinthu zowawa zomwe zinawachitikira, ena za zinthu wamba. Omwe analemba za zowawa, kufotokoza zochitikazo pamodzi ndi mmene anamvera, anali okhumudwa atangomaliza kulemba, koma m'miyezi yotsatira anapita kuchipatala mocheperapo. Akafukufuku ena ambiri anabwereza ntchitoyi, ndipo chithunzi chonse chikusonyeza kuti phindu lilipo koma si lalikulu, ndipo si la aliyense.

Taonani kuti omwe anapindula sanalembe zosangalatsa. Analemba zowawazo. Ndakatulo yomwe imalumpha bala n'kuthamangira ku chimwemwe imaphonya ngakhale phindu limeneli. Komanso ndakatulo yomwe yakuchiritsani inuyo yagwira kale ntchito yake, ngakhale itakhala yosayenera kusindikizidwa. Kuchiritsa wolemba ndi kugwira mlendo ndi ntchito ziwiri, ndipo si ndakatulo iliyonse yomwe iyenera kugwira zonse.

Ndakatulo yandisangalatsa. Ndingaikopere n'kugawira ena, kapena kuilakatula pamwambo?

Pemphani mwini wake. Pangano la Berne la mu 1886, lomwe mayiko oposa 180 analowamo, limati ntchito yolembedwa imatetezedwa popanda mwini wake kukailembetsa kulikonse, ndipo chitetezocho chimakhala moyo wake wonse ndi zaka zosachepera 50 atamwalira. Mayiko ena amaonjezera kufika zaka 70. Alakatuli ambiri amasangalala kupemphedwa ndipo amavomera msanga. Chomwe chimawawawa ndi kupeza ndakatulo yawo ikuyenda yopanda dzina, kapena wina atasintha mizere kuti igwirizane ndi mwambo wake. Ndakatulo zachilimbikitso ndi zomwe zimabedwa kwambiri motere, chifukwa anthu amaziona ngati za aliyense. Ngati munapatsidwa kuti mungoperekapo ndemanga, isanatuluke, musaionetse munthu wina ngakhale mmodzi.

Sindine katswiri wa ndakatulo. Maganizo anga ali ndi ntchito?

Ali nayo, ndipo nthawi zina kuposa a katswiri. Mlakatuli salembera aphunzitsi okha. Inu mukudziwa pomwe munatopa, pomwe munaseka, pomwe munabwerera kuti muwerengenso, ndipo palibe amene angakutsutseni pa zimenezo. Chomwe muyenera kupewa ndi kuyerekeza ukatswiri, monga kuuza munthu kuti ndakatulo iyenera kukhala ndi mizere yothera mofanana kapena ndime zofanana kutalika. Malamulo otere ndi a mitundu ina ya ndakatulo, monga soneti ya mizere 14, osati a ndakatulo zonse.

Ndakonza kambirimbiri potsatira ndemanga. Ndidziwa bwanji kuti ndisiye?

Sungani zolemba zonse, kuyambira yoyamba, chifukwa kukonza kumatha kupitirira muyeso. Ndakatulo yomwe yamvera aliyense imasalala mpaka kusowa pogwira, ndipo pa mutu wa chikondi ndi chimwemwe chomwe chimayamba kuchotsedwa ndi mzere waukali uja, womwe unkasonyeza kuti wolankhulayo anali ndi chifukwa chodana. Wina amati ndi wowawa kwambiri, wina amati sukugwirizana ndi uthenga, inu n'kuuchotsa. Ikani yoyamba ndi yomaliza pamodzi, muziwerenge mokweza zonse ziwiri. Ngati yomalizayo ndi yaudongo koma yoyambayo ndi yomwe ikukunjenjemeretsani mawu, bwezeretsani zomwe munachotsa. Mukafika poti lero mwachotsa mpumiro, mawa mwaubwezera, mkuja mwauchotsanso, kukonza kwatha. Itulutseni, muyambe ina.